Akuti kansa ya bambo akaiwotche ndi makina, kodi zimachiza?

FUNSO: Zikomo adokotala. Bambo anga ali ndi zaka 67, akhala akuvutika pokodza, usiku kudzuka mpaka kasanu koma mkodzo wake timadontho basi. Atawayeza anati ndi kansa ya prostate (kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo) ndiye akuti apite ku Lilongwe akayambe radiotherapy, chithandizo cha makina owotcha kansa aja. Eni ake akukanitsitsa, ati anzawo a pa bawo awauza zoti makinawo amapsereza munthu m'kati. Zoona zimachiza zimenezi?
Mwana wawo wamkazi, Linthipe, Dedza

YANKHO: Pepani kwambiri achemwali. Zimachiza ndithu, bola kansayo ikhale isanafalikire. Ku Britain ochita kafukufuku anatsatira azibambo oposa 1,600 omwe kansa yawo inapezeka isanatuluke mu prostate, ena anawachita opaleshoni, ena radiotherapy, ena kumangowayeza pafupipafupi, ndipo zotsatira za mu 2023 zinaonetsa kuti patatha zaka 15, pa azibambo 100 alionse pafupifupi 3 okha ndi omwe anamwalira ndi kansayo. Kungoti kwa a opaleshoni ndi a radiotherapy aja siinkafalikira kwambiri.

Mawu oti kuwotchawa ndi omwe akuwaopseza bambo, komatu mulibe moto mmenemo. Amangogona pa kabedi mphindi zochepa, makina nkumazungulira kuloza cheza pamalo odwalapo, samva kuwawa olo pang'ono, nkudzuka kumapita. Madzulo atha kunyamula adzukulu bwinobwino.

Zovuta zilipo, sindikubisirani. Kutopa, kutsegula m'mimba, mkodzo kuwotcha, zambiri mwa izi zimachepa akamaliza. Mphamvu za m'banja nazo zimatha kutsika makamaka akawonjezera jakisoni wa mahomoni, ndipo ndikuganiza kuti mwina apa ndi pomwe pagona mantha awo, sangakuuzeni inu mwana wawo, ndiye pezani malume kapena achimwene awo alowe nawo kwa dokotala.

Mukafika funsani funso ili: kodi yafika m'mafupa? Ngati yafika, makina amathandizabe kuchepetsa ululu koma kuchiziratu ayi.

Chinanso, si zopita kamodzi izi. Nthawi zambiri ndi Lolemba mpaka Lachisanu, masabata 4 mpaka 8, osadumphitsa, ndiye za minibasi m'mawa uliwonse kuchokera pa Linthipe zingakutherani ndalama, yambani pano kufufuza wachibale ku Kawale kapena ku Area 25 woti akawasunge. Akamaliza azikayezetsabe magazi a PSA, othandiza kuona mmene kansayo ikuyendera, nambala yake imatsika pang'onopang'ono ndiye musadzadandaule mwezi woyamba.