Zimene bwana wako wanena zija, msuweni

Eee, msuweni, uthenga wako ndaumva. Akuluakulu amene muli m'gulu muno pepani, nditalikitsako pang'ono. Iwe wafunsa kuti bwana wako kunyumba yosamalira okalamba ku Leeds, ku England, ankatanthauza chiyani ponena kuti “your notes are not up to scratch”, kenako “the ball is in your court”, n'kumaliza ndi “we'll touch base in a fortnight”. Wafunsa ngati mwana wa Fomu 2 wofuna kukhoza mayeso, koma ine ndimakudziwa iwe. Ukayamba kulankhula mofatsa chonchija ndiye kuti sunagone. Chikukudya ndi chakuti kodi ntchito yatha, ndipo court ameneyu ndi khoti la milandu kapena ayi.

Khoti mulibemo, pumira m'mwamba. Court ameneyu ndi bwalo la tenesi. Koma dikira kaye, ndisanafike kumeneko, mawu omwewa ndi amene anawadyera nyumba amalume ako a ku Thyolo, bambo aang'ono anga. Iwe unali usanabadwe.

M'zaka za m'ma 1980, iwo anali kalaliki wa pa sikelo pa esiteti ya tiyi. Anthu akathyola tiyi amabwera ndi madengu, iwo n'kumayeza, n'kumalemba makilogalamu pa dzina la munthu aliyense. Nyengo ya mvula, kuyambira Disembala, tiyi amaphuka kwambiri, mzere pa sikelo umatalika, koma buku lawo silinkapezeka ndi chofufuta ngakhale chimodzi. Zilembo zawo mukuzikumbukira azakhali, zopendekera zija. Ndiye tsiku lina manijala, mzungu, anawaitana ku ofesi. Akuti kudivishoni ina kukufunika kalaliki wamkulu, malipiro okwererapo, nyumba ya njerwa ya malata, mpopi pakhomo. Koma ndi kutali ndi sukulu, akaganize kaye ndi akazi awo. Potuluka anawauza kuti, “Think it over, the ball is in your court.”

Bambo aang'ono Chingerezi ankachidziwa, musawaderere, wailesi ya BBC sinkawaphonya. Anathokoza, anavula chipewa, n'kubwerera kunyumba. Usiku womwewo, ayi, m'mawa mwake, anagwirizana ndi mayi aang'ono kuti apita. Anasita khaki ndi simbi ya makala. Mayi aang'ono anayamba kumanga mbale m'makatoni, nkhuku zina anagulitsa kuti zisavute pa ulendo. Kenako anakhala pansi kudikira kuitanidwa. Poti kwathu kuno wamng'ono sapita kukagogoda kwa bwana kuti “zija munanena zija bwanji”, amaoneka wadyera. Manijala akadutsa pa sikelo, iwo ankangopereka moni mwaulemu, manijala n'kuwayang'ana pang'ono, n'kupitirira. Iwo n'kumati mumtima, akonza mapepala. Mwezi usanathe anaona thirakitala itanyamula katundu wa munthu wina kupita kunyumba ya njerwa ija. Atalimba mtima kukafunsa, anayankhidwa kuti, “You never came back to me.” Sunabwere kudzandiyankha, ndinaona ngati sukufuna. Makatoni aja anakhala osamasula mpaka Isitala, ndipo za nkhuku zija mayi aang'ono mpaka lero musaziyambe.

Chabwino, tibwerere kwa iwe. “Not up to scratch” ndiye kuti ntchito sinafike pa muyezo umene akufuna. Sananene kuti ndiwe waulesi, sananene kuti okalamba akudandaula nawe. Watchula chinthu chimodzi, zolemba zako. Ndipo ndikhoza kulota pamene pavuta, chifukwa iwe ngakhale kalata ya kwa agogo unkalemba mizere iwiri. Ukalemba kuti munthu “was fine, ate well”, sunauze aliyense kanthu. Amafuna nthawi, chimene wadya, kuchuluka kwake. Tiyi mamililita 200 nthawi ya 10:15, phala theka la mbale, wakana kusamba, wamutembenuza kumanzere 2 koloko, pachidendene pafiira ndipo wauza nesi. Ulembe pomwepo ukangomaliza, osati kusunga zonse m'mutu mpaka shifiti ithe, chifukwa pofika madzulo anthu asanu ndi atatu amakhala atasakanikirana. Ngati unaphunzitsidwa kupereka mankhwala, pepala la MAR, lolembapo mankhwala amene munthu wapatsidwa, ulisayine munthu akangomwa. Bokosi la papepalapo likakhala lopanda siginecha, wobwera pambuyo pako sadziwa ngati mankhwala aperekedwa, akhoza kupereka kachiwiri kapena kudumpha. Ndipo a CQC, amene amayendera nyumba zimenezi ku England, akabwera amawerenga mapepala omwewo. N'chifukwa chake bwana wako wauma pakamwa.

“Fortnight” ndi masiku 14, milungu iwiri ndendende. “Touch base” ndi kukumana mwachidule kuti muone pamene zafika. Ndiye wakupatsa milungu iwiri.

Mawu oti uchite nawo mantha ndi ena, ndipo sanawanene. Akati “you're on thin ice”, ndiye kuti ukalakwitsanso kamodzi zakuvuta. Akati “cutting corners”, akukuneneza kuti ukudumpha dala zina kuti umalize msanga, limenelo ndi lolemera kuposa lako lija. Loopsa kwenikweni limamveka lofewa, “we're going to have to let you go”, kumeneko ndiko kuchotsedwa ntchito. Pamene ukamva “let's draw a line under it”, nkhani yatha, usaidzutsenso. Akati “not bad”, usakhumudwe, Mngelezi akatero nthawi zambiri wakhutira. Komanso msonkhano weniweni wa chilango sabwera nawo pakhonde. Amakulembera kalata, amatchula mlandu, ndipo lamulo limakulola kupita ndi mnzako wa pantchito kapena woimira bungwe la ogwira ntchito, monga UNISON ngati unalowa. Ndikudziwa ukuwerengera za visa, masiku 60 aja amene Home Office, unduna woona za ma visa kumeneko, imapereka ntchito ikatha. Sitinafike kumeneko.

Tsono lalikulu lija. “The ball is in your court” ndiye kuti iye wachita mbali yake, watsala ndiwe. Zili ngati pa bawo, mnzako watakata wamaliza, wapinda manja akuyang'ana iwe. Ukangokhala duu, iwe ukuti ndi ulemu, iye akuwerenga kuti sizikukukhudza. Akudikira kuti uyambe ndiwe.

Ndiye mawa, eee, mawa ndi Lamlungu eti, Lolemba m'mawa, mulembere imelo yaifupi, mizere inayi yakwana. Uthokoze chifukwa cha kukambirana kuja. Ufunse kuti, “Could you show me an example of good notes?” kuti uone ndi maso zimene akufuna. Upemphe kuti wamkulu wa shifiti aziyang'ana zolemba zako usanaweruke sabata yoyambayi. Ndipo utchule tsiku lenileni lokumana, usasiye fortnight ili lendelende. Imeloyo usunge, ndi umboni wakuti unachitapo kanthu. Usalembemo zodandaula kuti anthu ndi ochepa pa shifiti, ngakhale zili zoona, zimenezo ukanene pokumana. Akakuyankha kuti “leave it with me”, ndiye kuti aona yekha, koma pakadutsa masiku atatu osamva kanthu, kumbutsa.

Wamva, msuweni? Usadikire kuitanidwa. Kumeneko kubwereranso kwa bwana kukafunsa sikuoneka dyera, amakuona ngati munthu wosamala ntchito. Manyazi ako aja, amene unabisala nawo kuseri kwa nkhokwe tsiku la chinkhoswe, uwasiye ku Lunzu. Pita ndiwe, Lolemba, imelo ituluke isanakwane 9 koloko. Ukailemba unditumizire kumbali ndiione isanapite. Ndipo azakhali, chonde musamuimbire usiku uno, ali pa shifiti, foni saloledwa kuyankha.