Mafulati otchipa ku Kapata, mugule kapena ayi?

Amayi ena andilembera imelo kuti alandira za penshoni, apeza mafulati anayi ku Kapata, ku Chipata kuno ku Zambia, akugulitsidwa motchipa chifukwa mwini wake zamuthina, ndiye akufunsa ngati awonjezere loni ya kubanki agule. Amayi, mwandikhudza pachilonda.

Ine mu 2023 pamene NAPSA, bungwe la penshoni, inalola kutapako 20 peresenti ya ndalama zathu, ndinathamanga ngati mwana woona maswiti, ndinaphatikiza ndi za chilimba nkuyamba kumanga mafulati atatu pa puloti yanga. Mmisiri woyamba anadya za malata, ndinagula kawiri, ndipo mpaka lero ndikamuona ku Saturday Market amawoloka msewu. Koma zimenezo nzochepa. Chinandipweteka ndi chilala cha 2024, madzi atatsika ku Kariba malaiti nkumabwera maola atatu okha, mwina pakati pa usiku anthu tili mtulo. Pampu ya pa bohoo osazungulira, thanki gwaa, alendi anga m'mawa uliwonse ali pageti ndi zigubu kundiyang'ana ngati ndine ndinatseka mvula. Mmodzi anasamuka usiku ali ndi nkhongole ya miyezi itatu, anandisiyira mbaula yobooka ndi chitseko cha kubafa chopanda loko. Mbaulayo ndikadali nayo.

Ndiye anthu akamati nyumba siiwola ine ndimangoseka. Imawola ndithu, denga limadontha, septiki imadzaza, ndipo fulati yopanda munthu miyezi iwiri imadya m'thumba mwako. Achibalenso, ee, akangomva kuti uli ndi mafulati aliyense ali ndi mwana amene akufuna pogona "kwa sabata imodzi chabe". Wanga watha chaka.

Za loniyo ndikana poyera. Mabanki kuno chiwongoladzanja chimapitirira 25 peresenti pachaka. Tinene mwatenga K500,000, chiwongoladzanja chokha ndi K10,000 ndi kanthu pamwezi, pomwe mafulati anayi a K2,000 akupatsani K8,000, ndipo apo ndiye kuti onse alipira pa deti, zimene sindinazionepo. Mukhala mukugwirira banki ntchito muukalamba wanu.

Nanga muchite chiyani?

Ngati za penshoni zikukwana zokha, gulani, nthawi imene eni nyumba apanikizika ndi imene mtengo umakambika. Koma kafufuzeni taitolo ku Ministry of Lands muone ngati dzina ndi la wogulitsayo komanso ngati sinagwiridwe ndi banki, kalata ya amfumu si taitolo. Msonkho wosinthira umwini unakwera kufika 8 peresenti mu 2025, ndi wa wogulitsa, asakukankhireni. Lendi nayonso ZRA, bungwe la misonkho, imafunako yake. Ndipo pitani tsiku lina m'mawa osauza mwini wake, mukatsegule mpope nokha, mufunse alendi amene alimo kuti madzi amabwera kangati pasabata. Ine sola ya pampu ndinaika mochedwa, anthu awiri atapita kale.