Kachulu ka miyala yopsa m'dambo la ku Cork

FUNSO: Ndimagwira ntchito pa famu ina ku Cork, m'dziko la Ireland. M'dambo la pafamupo muli kachulu kokhota ngati mwezi wongooneka kumene, kodzaza miyala yosweka ndi dothi lakuda bii. Abwana aletsa kukumba ngalande pafupi nako. Kodi ndi manda? (Wowerenga wa ku Cork)

YANKHO: Si manda ayi. Eni dziko amatcha malo otere fulacht fiadh, ndipo ku Ireland alipo masauzande angapo, ochuluka kwambiri ali ku Cork komweko. Ambiri atha zaka pafupifupi 3,000 kapena kuposerapo.

Anthu akalewo ankakumba dzenje pamalo a chinyezi, n'kuyalamo matabwa kapena miyala yaphanthiphanthi, madzi n'kudzadza okha. Pambali ankasonkha moto, kuotcha miyala mpaka kufiira, kenako n'kuiponya m'madzimo. Mwala wotentha ukagwera m'madzi ozizira umang'aluka, monga achitira mafuwa mukawathira madzi. Zidutswazo ankazivuula n'kuzitaya mbali zitatu za dzenje, kusiya mbali imodzi yolowera. Kukhota mwaonako kunachokera pamenepo.

Mu 1952, katswiri wofukula zakale M. J. O'Kelly anayesa kuphika nyama mwa njirayi ku Ballyvourney, ku Cork komweko. Madzi okwana malita 450 anawira patangopita theka la ola, ndipo mwendo wa nkhosa wa makilogalamu 4.5, wokulungidwa m'udzu, unapsa m'maola osakwana anayi. Komabe mafupa sapezekapezeka pamalowa, n'chifukwa chake ena amati ankasambirapo nthunzi, kufewetsa zikopa kapena kufulula mowa. Ife tikuona kuti dzenje limodzi likadatha kugwira ntchito zingapo.

Abwana anuwo akhoza. Chamtengo wapatali si miyalayo, koma matabwa ali pansi. Madzi ndiwo awasunga osaola zaka zonsezi. Ngalande ikaumitsa dambo, mpweya umalowa, matabwa n'kufumbwa, ndipo akatswiri amataya chinthu choyezera zaka za malowo. Khasu la thirakitala nalo limasalaza kachulu, ng'ombe zikamaponda m'dzinja zimakagumula m'mbali, mizu ya mitengo imasokoneza dothi.

Ngati malowo ali m'kaundula wa boma wa malo akale wotchedwa Record of Monuments and Places, mwini munda ayenera kudziwitsa National Monuments Service, nthambi ya boma yosamalira malo akale, polemba kalata miyezi iwiri ntchito isanayambe. Pakadali pano siyani udzu umere, musadutsitsepo thirakitala, chomwera ng'ombe chikhale patali, ndipo musatolepo miyala yokwirira maenje a mumsewu.