Mpira kapena hockey? Yankho langa ndi ili, achemwali

Eee, achemwali, mwaswera bwanji uko ku Mufakose? Uthenga wanu ndaumva. Mwati aphunzitsi a hockey akumufuna mnyamata wathu wa fomu 2 uja mu timu yawo, koma iye mtima uli ku mpira wamiyendo poti anzake onse ali kumeneko, ndiye mwasowa chomuuza. Ndiyankha pagulu pompano kuti enanso amve nawo, paja ana a msinkhu umenewu tili nawo ambiri m'banja muno.

Ndiyambe ndi kukufunsani inuyo. Ku mpirako akusewera, kapena akungovala yunifomu? Chifukwatu nkhani yonse yagona pamenepo. Tsiku losankha osewera mpira pasukulu za kuno ku Harare anyamata amadzaza bwalo lonse, wa Mbare, wa Highfield, wa Dzivarasekwa, aliyense anayamba kumenya chikulunga asanadziwe n'kulemba dzina lake komwe. Koma olowa m'bwalo ndi 11 basi. Otsalawo ndi a pabenchi, onyamula madzi, oimba nyimbo kunja kwa mzere. Ngati mwana wathuyu ali m'gulu la 11 lija, kapena kochi amamulowetsako kawirikawiri, aaa, musamuvutitse, msiyeni. Koma ngati chaka chatha chonse anangotenthetsa benchi, ndiye aphunzitsi a hockey aja muwamvere bwino. Ku hockey nakonso amasewera 11, koma obwera kudzayesa ndi ochepa, ndipo ambiri amayamba kugwira ndodo ija ali kale ku sekondale. Sanachedwe ayi. Komanso mwana wodziwa mpira amadziwa kale poima, popatsira mnzake, pothawira, zimenezo amapita nazo.

Chovuta n'chakuti awiriwa amagundana. Masewera a sukulu kuno amayenda ndi teremu: yoyamba ndi ya mipikisano yothamanga, yachiwiri, nthawi yozizira ija, ndiye ya mpira, hockey, rugby ndi netball. Akanati cricket kapena kusambira, ndikanati achite zonse, poti zimenezo ndi za nyengo yotentha. Koma apa asankhe chimodzi.

Tsono alamu anga ndikudziwa zimene anena, paja iwo ndi a timu ya mpira ya Dynamos mpaka m'magazi. Ati hockey ndi masewera a ana a mabwana a ku Borrowdale. Alamu, ndikudziwa mukumva. Cricket nayonso anthu ankainena choncho. Koma Tatenda Taibu ndi mwana wa ku Highfield, anapita kusukulu ya Churchill pa sikolashipu ya cricket, ndipo mu 2004 anali kaputeni wa timu ya dziko lino ali ndi zaka 20. Hamilton Masakadza, wa ku Highfield komweko, anamenya ma run opitirira 100 pa Test yake yoyamba mu 2001, akusewera ndi West Indies, ali ndi zaka 17, akadali mwana wa sukulu. Akanaumirira mpira poti ndi umene anzawo a mumsewu ankasewera, bwenzi tikuwadziwa? Tendai Mtawarira uja amati Beast, anadutsanso pa Churchill pomwepo asanapite ku Peterhouse, mu 2019 n'kukatenga chikho cha dziko lonse cha rugby ndi South Africa.

Ndipo china chimene anthu amaiwala: Zimbabwe ili ndi mamendulo 8 a Olympics. Asanu ndi awiri ndi a Kirsty Coventry, osambira, yemwe mu 2025 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa IOC, bungwe loyendetsa Olympics. Yotsalayo? Ya golide, ya amayi a hockey, ku Moscow mu 1980, dziko litangolandira kumene ufulu. Hockey yomwe mukuinyozayo, alamu.

Koma ndisakunamizeni, achemwali, sindikunena kuti mwanayu adzadya za hockey. Ndalama mu hockey kuno mulibe. Mpira uli ndi makalabu, uli ndi bwalo la Rufaro, uli ndi anthu oonera, ndipo Benjani Mwaruwari, mwana wa makolo ochokera kwathu ku Malawi, anafika nawo mpaka ku Manchester City. Zoona zimenezo. Kungoti a Benjani ndi angati mwa anyamata onse aja odzaza bwalo? Phindu la masewera ang'onoang'onowa lili pena. Mwana amaoneka msanga. Kuchoka pa timu ya sukulu kufika pa timu ya chigawo cha Harare mtunda wake ndi waufupi, ndipo akamafunsira malo a fomu 5 pasukulu zimene zimakonda masewera, zoterezi amaziyang'ana. Anyamata awiri aja anafika mu fainolo ya mamita 200 pa Olympics ya ku Paris mu 2024, Makarawu ndi Charamba, onse anali pa makoleji a ku America chifukwa cha miyendo yawo. Kuthamanga kumene ana athu amakuthawa teremu yoyamba kuja, eti.

Za ndalama mufunsiretu, musachite manyazi. Ndodo sukulu imapereka kapena agule yekha? Pamafunikanso zotchingira miyendo ndi kachotetezera mano kaja, ndipo kameneko musakanyalanyaze, mpira wa hockey ndi wolimba zedi, ukamenya pakamwa mano amapita. Mufunsenso kuti masewero awo amakachitira kuti, chifukwa sukulu zosewera hockey ndi zotalikirana, ndiye kombi ya Loweruka ikhala ikutuluka m'thumba mwanu. Ndi maola angati pa sabata? Fomu 3 ikubwera, mayeso a ZIMSEC sadzafunsa kuti unagoletsa zigoli zingati. Ndodoyo ngati ivuta, ine malume wake ndilipo, ndigula, bola asaitaye pakona pakatha milungu iwiri.

Za anzakezo ndiye musazichepetse. Kwa ife akuluakulu zimaoneka zachibwana, koma pa msinkhu uwu mwana amalolera kukhala pabenchi chaka chonse kusiyana n'kuti anzake azimuseka kuti wanyamula ndodo ya agogo. Mukamukakamiza apita, inde, koma azikangoima ngati chitsa. Muuzeni kuti mpira sakuusiya, Lamlungu masana azikamenya ndi anzake pabwalo la kwanuko monga mwa masiku onse, palibe amulande. Hockey ayese teremu imodzi yathunthu, osati masiku awiri, chifukwa milungu yoyamba msana umawawa ndi kuwerama kuja ndipo mpira umangothawa ndodo. Ikatha teremu adzanene yekha.

Komanso mufufuze ngati m'kalasi mwake muli wina amene akupita ku hockey. Akapezeka mmodzi yekha woyenda naye, theka la vutoli latha.

Loweruka ndikhala ku Mbare m'mawa, ndikamaliza ndidutsa kwanuko. Musamuuze kuti malume akubwera kudzaweruza mlandu, angayambe kundithawa. Ndidzangomutenga tikagule chingwa, tizikacheza m'njira. Alamu akhalepo, ndikufuna adzandiyankhe za mamendulo zija.