Boma la masiku 133 ku British Guiana

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti Angelezi anachotsa boma losankhidwa ndi anthu ku Guyana, dziko la ku South America, nthawi ya atsamunda. N'zoona ndithu, ndipo ine nkhaniyi imandiwawa.

Pa 27 April 1953 dzikolo, lomwe linkatchedwa British Guiana, linachita chisankho choyamba chimene munthu wamkulu aliyense analoledwa kuvota. Kale pankafunika ndalama kapena katundu, choncho wodula nzimbe ankangoonerera. Chipani cha People's Progressive Party (PPP) chinapeza mipando 18 mwa 24. Mtsogoleri wake anali Cheddi Jagan, dokotala wa mano amene anakulira pa esiteti ya nzimbe ya Port Mourant, mdzukulu wa Amwenye omwe anabwera kudzagwira ntchito ya kontrakiti. Pambali pake panali loya wachikuda, Forbes Burnham. Apa ndi pamene pagona nkhani: Amwenye ndi anthu akuda anavotera chipani chimodzi.

Tsono ufumu weniweni kumeneko unali shuga. Kampani ya Bookers inali ndi mphamvu moti anthu ankati dzikolo ndi "Bookers Guiana". Anthu anali asanaiwale za ku Enmore, kumene mu 1948 apolisi anawombera n'kupha antchito asanu a m'minda ya nzimbe. Nduna zatsopano zitaima kumbali ya antchito onyanyala, n'kubweretsa bilu yoti mabwana azikambirana ndi bungwe lomwe antchito asankha okha, ku London anati chimenechi ndi chikomyunizimu. Boma la Winston Churchill linatumiza asilikali pa sitima zankhondo, ndipo pa 9 October 1953 malamulo oyendetsera dziko anaimitsidwa. Nduna zinachotsedwa zitangokhala masiku 133. Atafika asilikaliwo anapeza mu Georgetown, likulu la dzikolo, muli bata.

Mwina simudziwa, nduna ya atsamunda yomwe inachita zimenezi, Oliver Lyttelton, ndi yomweyo imene inatikakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chaka chomwecho, makolo athu akukana.

Chondipweteka kwambiri ndi chimene chinatsatira. Mu 1955 chipani chinagawanika, Jagan uku, Burnham uko, ndipo posakhalitsa anthu anayamba kuvota poyang'ana mtundu. Jagan anapambanabe mu 1957 ndi 1961, koma Angelezi anasintha kagawidwe ka mipando chisankho cha 1964 chisanachitike, Burnham n'kupanga boma la mgwirizano. Ufulu unabwera pa 26 May 1966 Burnham ali pampando. Jagan anadikira mpaka 1992 kuti akhale pulezidenti, tsitsi litachita mbuu.