Kodi Haleluya ya Handel ndi nyimbo ya Khirisimasi?

Mayi wina woimba alito m'kwaya ya mpingo wandilembera imelo. Akuti aphunzitsi awo abwera ndi Haleluya ya Handel kuti kwaya iimbe pa Khirisimasi, koma bambo wina wa besi wakanitsitsa, ati si nyimbo ya nyengo imeneyi. Mayiwa akufuna kudziwa kuti akunena zoona ndani, komanso chifukwa chake anthu amaimirira nyimboyi ikayamba.

Mayi, bambo wa besiyo musawatenge ngati ovuta, mfundo ali nayo. Haleluya ndi kachigawo chabe ka Messiah, nyimbo yaitali ya maola oposa awiri yomwe George Frideric Handel anapeka ku London mu 1741. Messiah ili ndi magawo atatu. Loyamba ndi la maulosi ndi kubadwa kwa Yesu, lachiwiri ndi la masautso, imfa, kuuka ndi kufalikira kwa uthenga, lachitatu ndi la kuuka kwa akufa. Haleluya imatseka gawo lachiwiri, kutali ndi khola la ku Betelehemu. Mawu ake Charles Jennens, yemwe anasonkhanitsa mawu a Messiah, anawatola mu Chivumbulutso 19:6, 11:15 ndi 19:16, pomwe akunena za Mfumu ya mafumu ndi Mbuye wa ambuye.

Ngakhale tsiku loyamba kuimbidwa likuikira umboni a besi. Linali 13 Epulo 1742, mu holo ya mumsewu wa Fishamble ku Dublin, ku Ireland, kutatsala masiku ochepa kuti Pasaka ifike. Okonza anapempha amayi kuti asavale madiresi otambalala a masiku amenewo, abambo asiye malupanga kunyumba, kuti malo akwane. Analowa anthu pafupifupi 700, ndipo ndalama zake, pafupifupi mapaundi 400, zinathandiza zipatala ziwiri ndi kutulutsa anthu 142 omwe anali m'ndende chifukwa cha ngongole. Kuimba Messiah pa Khirisimasi ndi chizolowezi chobwera pambuyo, Handel atamwalira kale mu 1759. Koma chizolowezicho chakhazikika, ndipo sindikuona chokuletsani kuiimba pa 25 Disembala. Mungovomereza kuti pa Pasaka mpamene imakhala kwawo.

Anthu amakonda kunena kuti Handel anamaliza Messiah m'masiku 24, kuyambira 22 Ogasiti mpaka 14 Seputembala. N'zoona, koma mkuluyu ankalemba mwaliwiro choncho nthawi zambiri, ndipo sankachita manyazi kubwereka kwa iye mwini: makorasi angapo a mu Messiah anachokera ku nyimbo zachikondi za Chitaliyana zomwe anali atalemba kale zoimba anthu awiri.

Za kuimirira, nkhani yotchuka imati Mfumu George II ya Britain inaimirira Haleluya itayamba ku London mu 1743, ndiye aliyense anayenera kuimirira nayo. Palibe cholembedwa cha nthawi imeneyo chosonyeza kuti mfumuyo inalipo n'komwe. Imirirani ngati mpingo wanu umatero, basi.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi kaimbidwe. Ku Dublin oimba anali ochepa, amuna ndi anyamata ochokera m'makwaya a matchalitchi a Christ Church ndi St Patrick's. Makamu aja a oimba mazanamazana anayamba mu 1784 ku tchalitchi cha Westminster Abbey ku London, ndipo pofika 1857 mu holo yaikulu ya Crystal Palace ku London komweko anakwana 2,000. N'kumeneko kudachokera maganizo akuti Haleluya ndi mpikisano wokuwa. Kwaya ya anthu 30 siyochepa ayi.

Mukayang'ana pepala lanu la solofa muona kuti Handel sakufuna phokoso lofanana ponseponse. Pali pomwe mawu onse anayi amaimba mzere umodzi, pali pomwe amathamangitsana. Pa mawu onena za ufumu wa dziko lapansi nyimbo imatsika, imafatsa, kuti ikwerenso ndi mphamvu. Pa "King of Kings" asopulano amakwera sitepe ndi sitepe atagwira noti zazitali, ndipo akawononga mpweya koyambirira, apa amafika pakhosi pataphwa. Inu a alito musadzione ngati operekeza; muli ndi polowera panokha pa "and He shall reign", abesi ndi atena atatsogola.

Chomaliza, Haleluya yotsiriza isanaimbidwe pali kachetechete kakafupi. Muwauze anzanu kuti maso onse akhale pa dzanja la aphunzitsi, chifukwa sipalephera kupezeka mmodzi wolowa yekha.