Alhambra kapena Seville? Yankho langa kwa achemwali a ku Leeds

Achemwali, mwafunsa kuti pa masiku anayi amene mukakhale ku Spain ndi mayi anu mu Meyi, mukaone iti pakati pa Alhambra ya ku Granada ndi nyumba yachifumu ya ku Seville. Mwatinso mukufuna malo oti mamangidwe a Asilamu ndi a Akhristu akuonekera pamodzi, komanso kuti mayi amavutika mawondo. Ine ndikuti pitani ku Seville, ku Real Alcázar.

Alhambra sindikuinyoza, kukongola kwake n'kosayamba. Koma ili paphiri, mtunda woyenda ndi wautali, ndipo matikiti olowera m'nyumba za mafumu achisilamu a Nasrid amatha kukadali milungu. Chinanso, kumeneko nyumba ya mafumu achisilamu ili payokha, ndipo ya mfumu yachikhristu Carlos V, yomwe inamangidwa pambuyo pake, yaima pambali pake payokhanso. Mukatuluka kwina ndiye mumalowa kwina. Ku Seville zinthu ziwirizi zili pa khoma limodzi, pa chitseko chimodzi, moti simungaloze kuti apa m'pomwe pathera Msilamu ndipo Mkhristu wayambira apa. Malowo ndi athyathyathya, ali pakati penipeni pa mzinda, moyang'anana ndi tchalitchi chachikulu.

Mbiri yake muidziweko pang'ono musanalowe, chifukwa popanda iyo mudzangoti "kukongola" kenako n'kutuluka. Asilamu anawoloka kuchoka kumpoto kwa Africa kulowa ku Spain mu 711, ndipo Seville anakhala m'manja mwawo zaka zoposa 500. Pamalo pomwe pali Alcázar panali linga lawo. Mafumu a Abbadid anakhalamo m'zaka za m'ma 1000, kenako a Almohad ochokera ku Morocco analikulitsa m'zaka za m'ma 1100. Mu 1248 Fernando III wa ku Castile analanda mzindawu. Linga sanaligwetse, anangolowamo n'kuyamba kukhalamo. Mwana wake Alfonso X anamangamo nyumba ya mamangidwe a Gothic, ngati a matchalitchi a ku Ulaya. Koma chomwe mukupitira inu ndi nyumba yomwe Pedro I anamangitsa kuyambira mu 1364.

Pedro anali mfumu yachikhristu, koma bwenzi lake lapamtima pandale anali Muhammad V, mfumu yachisilamu ya ku Granada. Muhammad atalandidwa ufumu, Pedro ndi amene anamuthandiza kubwerera pampando mu 1362. Ndiye Pedro atafuna nyumba yake, amisiri anachokera ku Granada, ku Toledo ndi mu Seville momwemo, ambiri mwa iwo Asilamu. Mamangidwe amenewa mudzawamva akutchulidwa kuti Mudéjar. Muhammad V yemweyu ndi amene pambuyo pake anamangitsa bwalo lotchuka la mikango ku Alhambra, choncho luso lomwe mukanakaona ku Granada mudzalionanso kuno.

Mudzalowera pa Puerta del León, chipata cha khoma lofiira chokhala ndi chithunzi cha mkango pa matailosi. Anthu ambiri amathamangira kutsogolo. Inu mukhotere kumanzere kaye, mu Sala de Justicia, chipinda chomwe Alfonso XI, bambo wa Pedro, anamangitsa. Pakati pake pali kasupe wamng'ono, madzi ake amadutsa m'kangalande kupita ku dziwe la mu Patio del Yeso. Bwalo limeneli ndi limodzi mwa zochepa zomwe zatsala za nthawi ya a Almohad. Mukaliona kaye, mudzazindikira komwe amisiri a Pedro anatengera zomwe anachita patapita zaka pafupifupi 200.

Mukafika pabwalo lalikulu la Patio de la Montería, imani. Musafulumire kulowa pakhomo. Yang'anani m'mwamba, pansi pa denga lamatabwa lotulukira kunja lija. Pali mzere wa matailosi abuluu ndi oyera omwe poyamba amangooneka ngati zokongoletsa za mizeremizere. Amenewo ndi malembo achiarabu, ndipo akubwereza mawu omwe anali chizindikiro cha mafumu a ku Granada, onena kuti palibe wopambana koma Mulungu. Kuzungulira malembowo kuli mawu ena m'Chisipanishi chakale, m'zilembo za Gothic, otamanda Don Pedro monga mfumu yamphamvu yomwe inalamula kuti nyumbayi imangidwe. Chaka cholembedwapo ndi 1402, chifukwa ankawerenga zaka mwa njira yakale ya ku Spain yomwe inali patsogolo ndi zaka 38, ndiye kuti 1364 kwa ife. Mkati mwa nyumba mudzapezanso malembo achiarabu otchula Pedro kuti sultan. Kwa ine khoma limeneli palokha ndi lokwanira ulendo wonse. Mfumu inkafuna kuti aliyense wofika, wowerenga Chiarabu kapena Chisipanishi, amve m'chinenero chake kuti mwini malo ndani.

Khomo silikulowetsani molunjika. Mumakhota kaye m'kanjira kamdima, monga zimakhalira m'nyumba zachisilamu kuti wakunja asaone zamkati, kenako mwadzidzidzi muli mu Patio de las Doncellas. Pakati pali dziwe lalitali, uku ndi uku kuli minda yozama yomwe ili pansi kuposa poyenda, moti masamba a mitengo ya malalanje amakhala pafupi ndi maso anu. Mindayi inakwiriridwa ndi miyala ya mabo m'zaka za m'ma 1500, ndipo anthu anaiwala kuti ilipo mpaka akatswiri ofukula zakale ataivundukula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Chipinda chapamwamba chozungulira bwaloli anachikonza m'nthawi ya Carlos V m'mamangidwe ochokera ku Italy, ndipo kusiyana kwake ndi pansi kumaonekeratu.

Pamenepa mayi akhale pansi apume, inu muyandikire khoma. Matailosi a m'munsi mwa khoma sanajambulidwe ndi penti. Kachidutswa kalikonse, kobiriwira, kakuda, koyera, kabuluu, kanadulidwa pamanja n'kulumikizidwa ndi kanzake mpaka kupanga nyenyezi. Tsatirani ndi maso mzere umodzi woyera. Mudzauona ukudutsa pamwamba pa unzake, kenako pansi pa wina, n'kukatulukira mu nyenyezi ina kutali, osaduka. Pamwamba pa matailosi pali pulasitala wosemedwa ngati nsalu yoluka, ndipo m'kati mwa masamba ndi malembo achiarabu mudzapezamo tizishango ta nsanja ndi mkango, zizindikiro za Castile ndi León. Munthu wosema ankadziwa kuti ntchitoyi ndi ya mfumu ya chipembedzo china, koma dzanja lake silinachepetse luso.

Salón de Embajadores ndiye chipinda chomwe chimadzaza anthu, ndipo m'pomveka. Denga lake ndi lozungulira ngati theka la lalanje, lamatabwa olukanalukana opakidwa golide, ndipo analipanga ndi Diego Ruiz mu 1427. M'munsi mwake muli zithunzi za mafumu a ku Spain zondandalikidwa mozungulira. Anthu onse amayang'ana kumwamba, koma inu muonenso zitseko. Ndi za 1366, za amisiri a ku Toledo. Mbali yoyang'ana kubwalo ili ndi malembo achiarabu, mbali yamkati ili ndi mawu a m'Baibulo m'Chilatini. Pafupi pomwepo pali kabwalo kakang'ono ka Patio de las Muñecas, komwe kunali kwa banja la mfumu. Pa khomo lina lokhota pali timitu ting'onoting'ono tosemedwa. Tifufuzeni nokha, musafunse.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna muchisunge m'mutu. Otsogolera alendo ena amakonda kufotokoza nyumbayi ngati umboni woti Asilamu, Akhristu ndi Ayuda ankakhala mwamtendere nthawi zonse. Ulemu unalipo ndithu. Ibn Khaldun, katswiri wa mbiri wobadwira ku Tunis, anafika kwa Pedro ku Seville monga nthumwi ya Muhammad V, ndipo Pedro anamupempha kuti akhazikike, n'kulonjeza kumubwezera malo a makolo ake omwe kale ankakhala mumzindawu. Iye anakana. Koma mzinda utalandidwa mu 1248, Asilamu ambiri anauzidwa kuti asamuke. Mu 1391 Ayuda a ku Seville anaphedwa mwaunyinji, ndipo dera lawo linali kuseri kwa makoma omwewa, komwe lero kuli Barrio de Santa Cruz. Mu 1502 Asilamu a ku Castile anakakamizidwa kusankha pakati pa ubatizo ndi kuchoka, ndipo kuyambira mu 1609 ngakhale zidzukulu za obatizidwawo zinathamangitsidwa. Pedro mwini wake anaphetsa m'bale wake Fadrique mu Alcázar momwemu mu 1358, ndipo iyenso anaphedwa ndi m'bale wake wina, Enrique, mu 1369, asanakhalemo nthawi yaitali. Zimenezi sizichotsa kukongola kwa malowo. Kwa ine zimachititsa kuti ndiwapatse ulemu kwambiri amisiri aja, omwe ntchito yawo inakondedwa ndi kusungidwa pamene ana awo ankapitikitsidwa.

Zina mungadutse mwachangu. Kumanja kwa bwalo lalikulu kuli Cuarto del Almirante, komwe kunali Casa de Contratación, ofesi yomwe Mfumukazi Isabel anakhazikitsa mu 1503 kuti iziyang'anira malonda ndi maulendo a ku America. Muli chithunzi cha Alejo Fernández cha Maria atafunditsa amalinyero chofunda chake. Nyumba ya Gothic inawonongeka ndi chivomezi cha ku Lisbon cha 1755 n'kukonzedwanso, ndipo muli matailosi owala ndi nsalu zikuluzikulu zapakhoma zosonyeza nkhondo ya Carlos V ku Tunis mu 1535. Pansi pake pali Baños de doña María de Padilla, mosungira madzi mozizira bwino, ndipo amenewa musawaphonye. Zipinda zapamwamba, Cuarto Real Alto, ndi zomwe banja lachifumu la Spain limagonamo likabwera ku Seville mpaka pano. Zimafuna tikiti yapadera ya nthawi yake, ndipo pali masitepe. Chifukwa cha mawondo a mayi, ine ndikanazisiya.

Nthawi yotsalayo muithere m'minda. Ndi yaikulu, ili ndi mithunzi, mipando ndi mapikoko oyendayenda. Mukatuluka m'nyumba mudzafikira pa dziwe la Estanque de Mercurio, ndipo pambali pake pali Galería de Grutesco, khoma lakale la linga lomwe Vermondo Resta analisandutsa khonde loyendamo m'zaka za m'ma 1600. Inu mukwere mukaone minda kuchokera pamwamba, mayi akudikireni pansi pa mthunzi. Malalanje omwe mudzawaone paliponse musathyole. Ndi owawa, ndipo mtundu umenewu ndi womwe amapangira marmalade uja mumagula m'mashopu a kwanuko.

Tikiti mugule pa intaneti nthawi ikadalipo, pa tsamba la Alcázar lenilenilo, chifukwa masamba ogulitsa pikapika amawonjezera mtengo. Imakhala ndi dzina lanu ndi nthawi yolowera, choncho mapasipoti muwanyamule. Sankhani nthawi yoyambirira, amatsegula 9:30 m'mawa. Pofika 11 magulu a alendo amakhala atadzaza, ndipo mu Salón de Embajadores mumangoona misana ya anthu. Ikani maola atatu, ndi mayi mwina anayi. Meyi mwasankha bwino, chifukwa mu Julayi ndi Ogasiti kumapyola madigiri 40, kutentha kwa ku Nsanje mu Okutobala. Komabe chipewa ndi botolo la madzi zikhalepo. Onaninso masiku a Feria de Abril, chikondwerero chachikulu cha mumzindawu, chaka chimenecho, chifukwa nthawi zina imalowa kumayambiriro kwa Meyi ndipo malo ogona amakwera mtengo kwambiri.

Tchalitchi chachikulu musachiphatikize tsiku lomwelo, mayi adzatopa. Chikaoneni mawa lake. Chinamangidwa pomwe panali mzikiti waukulu wa a Almohad, ndipo nsanja yake, Giralda, inali yoitanira anthu ku swala, yomalizidwa mu 1198. Mbali yapamwamba ya mabelu inawonjezedwa mu 1568. Mkati mwake mumakwera motsetsereka osati pa masitepe, koma ndi patali, ndiye mayi atha kukhala mu Patio de los Naranjos, bwalo lomwe Asilamu ankasambira asanapemphere. Tchalitchichi, Alcázar ndi Archivo de Indias, nyumba yosungira zikalata zakale zokhudza America, zinalowa pamodzi pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1987, ndipo zonse zitatu zili pamalo amodzi.

Tsiku lachitatu, ngati mphamvu zilipo, kwerani sitima ku siteshoni ya Santa Justa mupite ku Córdoba. Sitima yothamanga imatenga mphindi pafupifupi 45. Kumeneko kuli mzikiti womwe unayamba kumangidwa m'zaka za m'ma 780, ndipo m'kati mwake munamangidwa tchalitchi m'zaka za m'ma 1500. N'kwapafupi kuposa Granada, ndipo mudzabwerera madzulo omwewo.

Pa chakudya, ngati pali wosadya nkhumba muzifunsa musanaode, chifukwa jamón, nyama ya nkhumba youmitsa, amaika ngakhale m'zakudya zooneka ngati zamasamba zokha. Espinacas con garbanzos, sipinachi wophikidwa ndi tchana, ndi chakudya cha ku Seville chomwe mayi angachikonde. Malesitilanti ambiri sayamba chakudya chamadzulo 8 koloko isanakwane, ndiye muzidyeratu bwino masana.

Ngati inu kapena mayi mukuyendera pasipoti ya Malawi, chilolezo chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku Spain. Pakufunika visa ya Schengen, pamodzi ndi inshuwalansi yapaulendo ndi umboni wa malo ogona. Miyezi yoyandikira chilimwe masiku okaperekera mafomu amavuta kupeza, choncho yambani ndi visa, tikiti ya Alcázar ibwere pambuyo pake.